Mpando wa Kunja kwa Chitseko

Ntchito yanga yoyamba ku Mangalande ndinaipeza m'shopu yogulitsa ufa. Ndinali nditangofika ku Leicester kuchokera kumudzi kwathu ku Ntcheu, kumene ndinakulira kwa azakhali. Amayi anga ndi namwino, ndipo akapita kushifiti ndinkatsala ndekha m'nyumba ya ku Beaumont Leys. Ndinkakolopa pokolopa kale, kusuzumira pawindo, kukhala pansi, kenaka kudzukanso. Chingerezi cha m'buku ndinali nacho, koma cha m'basi chinkandithawa.

Mwini shopuyo anali Amayi Zubeda, Amwenye obadwira ku Limbe, omwe Chichewa chawo chinali chokoma kuposa cha ana ambiri a kuno. Tsiku lina titapita kukagula ufa anandiyang'anitsitsa, nkufunsa amayi kuti, "Kodi mwana wanuyu pakamwa ali napo?"

"Ali napo, koma amasunga," anayankha amayi.

"Ndiye ndamupezera ntchito. Pali dokotala wa ku yunivesite amene amagula zinthu pano. Akufuna mtsikana wosunga pakamwa."

Dokotala Samira sanali a m'chipatala, anali a mabuku. Kwawo kunali ku Tunisia, ndipo ankaphunzitsa za ndale. Nthawi imeneyo ankalemba za amayi a m'maiko a Aarabu: mmene anakhalira nawo pa zionetsero zofuna demokalase za mu 2011, ndi zimene zinawachitikira zionetserozo zitatha. Amayi ambiri otere anali atathawira kuno, ena ku Leicester, ena ku Derby ndi ku Nottingham. Adokotala ankawasonkhanitsa m'timagulu kuti afotokoze okha.

Pondifunsa za ntchito, funso lawo loyamba linali lakuti, "Chiarabu umachimva?" Ndinawerama nkunena kuti ayi, ndikuganiza kuti ntchito yatha pomwepo. Iwo anamwetulira. "Nchifukwa chake ndikukutenga. Amayiwa safuna khutu loti likafotokoze kumsika."

Ntchito yanga inali ya manja. Marekoda ojambulira mawu anali awiri, ndipo ndinkawachaja onse tisananyamuke. Tikafika m'chipinda ndinkayala kansalu pakati pa tebulo kuti phokoso la makapu lisalowe m'mawu, nkuikapo marekodawo. Ndinkawayesa potchula tsiku ndi malo, kenaka nkumvetsera ngati mawu alowadi. Mayi aliyense ankalandira pepala lachilolezo la m'Chiarabu ndi m'Chingerezi, ndipo akasaina ndinkaliika mu envulopu nkumata iye akuona. Aliyense ankasankha dzina lomwe si lake. Mafoni onse ankazimitsidwa nkuikidwa m'basiketi. Tikamaliza ndinkasamutsira mawuwo pa kompyuta yokhoma ndi pasiwedi, nkufufuta pa rekoda adokotala ataima pambali panga. Tiyi ndi zipatso za kanjedza zinalinso za ine.

Lamulo lalikulu linali la chitseko. "Chikatsekedwa salowa aliyense, ngakhale mkulu wa yunivesite," anandiuza choncho. "Ngakhale kusuzumira ayi. Ambiri mwa amayiwa abale awo akadali kwawo, ndipo nkhani imauluka. Buku ndikhoza kulemba lina, Esinati, koma munthu akavulala chifukwa cha ife sindingamukonze."

Ndinavomera msanga, monga ndinkavomerera chilichonse. Koma mtima sunkakhala pansi. Ndinkakhala pafupi ndi chitseko, maso pa kanyali kofiira ka rekoda, ndikumva anthu akukangana, kuseka ndi kuusa moyo m'chinenero chomwe sindinkatolapo kanthu. Ndikakwera basi yobwerera ndinkatsegula chikwama kawirikawiri kuona ngati maenvulopu alimo. Amayi ankandiseka kuti, "Iwe, ntchito yako ndi yofulula tiyi, koma ukuonda ngati ukulemba mayeso."

Tsiku lovuta linali Loweruka lina masana, m'nyengo yozizira ya 2018. Tinapita pa sitima ku Nottingham, kenaka pa tramu, kasitima ka m'tauni, mpaka ku Hyson Green, kumene tinabwereka chipinda m'holo ina ya anthu a m'deralo. M'gulu limenelo munali mayi wina amene anasankha dzina loti Nadia. Misonkhano yapitayo ankangokhala duu, atafumbata kapu. Adokotala anali atandiuza kuti mlongo wake ali m'ndende kwawo, ndipo apabanja lake kuno sankadziwa kuti amabwera kumisonkhanoyi.

Tsiku limenelo Nadia anayamba kuyankhula. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono, kenaka anasefukira. Anzake anasiya makapu. Adokotala anawerama osaphethira. Pomwepo chitseko chinagogodwa.

Nadia anadukiza mawu. Ndinayang'ana adokotala, koma iwo sanachotse maso pa mayiyo. Ndinadziwa kuti akadzuka, mawuwo abwerera kumene anachokera ndipo satulukanso. Ndinatsegula pang'ono pongokwana thupi langa, kutuluka, nkutseka ndi msana.

Panja panaima bambo wachikulire wandevu zoyera, atavala jasi lalitali, ndodo ili m'manja. Anandipatsa moni mwaulemu m'Chingerezi chosalala. Anati ndi mmodzi mwa akuluakulu a anthu a kwawo kuno, wamva kuti kwabwera mphunzitsi wa ku yunivesite, ndipo akufuna kungopereka moni kwa iye ndi kwa amayi ali m'katimo, omwe anawatcha ana ake.

Chibadwire ndinali ndisanamuuzepo munthu waimvi kuti ayi. Kwa azakhali, mkulu akafika pabwalo unkathamanga kukamulandira ndodo, kumupatsa mpando, ndipo chimene wadzera unkachimva atakhala kale pansi. Dzanja langa linafika lokha pa chogwirira cha chitseko. Ndinachigwira, koma sindinachipotokole.

"Pepani bambo, simungalowe," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye.

"Sindikumva, mwana wanga."

"Simungalowe, bambo."

Nkhope yawo inasintha. "Kwanu nkuti?"

"Ku Malawi."

"Ndiye ku Malawi nkhalamba mumaisiya chiimire pakhomo?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa linali loona. Ndinawapempha kuti adikire. Kumapeto kwa khonde kunali kakhitchini, kumene ndinasiya ketulo. Ndinawatsogolera kumeneko, kupukuta mpando ndi mkono wa juzi yanga, nkuuika pafupi ndi hita yotenthetsa chipinda. Ndinawalandira ndodo, kuwathirira tiyi, nkuwapatsa ndi manja awiri nditagwada monga anandiphunzitsira azakhali. Anandiyang'ana modabwa.

"Kwathu mkulu sitimusiya chiimire," ndinatero m'Chingerezi changa chodukaduka. "Koma kwathu kulinso nyumba yomwe timaitcha chikuta. Mayi akamachira, amayi okhaokha ndi amene amakhalamo. Mwamuna salowa, ngakhale akhale agogo ake a mwanayo. Amakhala panja pa mpando, ndipo palibe amene amati wanyozedwa."

Anazungulitsa supuni m'kapu.

"Nanga m'chipindamo mukubadwa chiyani?" anafunsa.

"Sindikudziwa, bambo. Chiarabu sindimva."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anayamba kufotokoza okha: za mzinda wa kwawo, za chisankho chomwe anavota ali mnyamata, za atsogoleri omwe analonjeza nkusintha. Zambiri sindinazitsate. Ndinakhala pa kampando ka pakhomo la khitchini, kumene ndinkatha kuona khonde lonse, nkumavomera kuti "inde bambo" pamene pakufunika. Mtima unali ku kanyali kofiira komwe ndinakasiya kopanda woyang'anira. Ndinkadzifunsa ngati batire likwane, ngati Nadia wapitiriza, ngati bamboyu sadzuka mwadzidzidzi. Tiyi atatha ndinathira wina.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka pang'ono, adokotala nkusuzumira. Nditakumana nawo maso, ndinaloza ndi mutu kumene kunali mlendo. Anabwerera m'kati. Holoyo inali ndi khomo lina lotulukira kumsewu wa kuseri, ndipo ndinangomva nsapato za amayi aja zikupita cha kumeneko. Pambuyo pake adokotala anabwera kudzapereka moni, nkucheza ndi bamboyo m'Chiarabu. Potsanzikana bamboyo anandiloza ndi ndodo nkuti, "Mlonda wanuyu ndi wovuta, koma tiyi amamudziwa."

Mpaka lero sindidziwa chimene bamboyo anadzera. Mwina anatumidwa kudzaona nkhope, mwina ankangofuna womumvetsera. Adokotala nawonso anati sakudziwa, ndipo anawonjezera kuti lamulo la chitseko linaikidwa kuti tisamavutike nkulota za mumtima mwa munthu.

Tili m'sitima anavala mahedifoni nkumvetsera rekoda yoyamba. Ndinkawayang'ana pankhope. Kenaka anavula hedifoni ya khutu limodzi. "Nadia wamaliza nkhani yake yonse," anatero. "Atamva kuti chitseko chatsekedwanso, anapitiriza." Msonkhano wotsatira Nadia anabwera, ndipo anabwera ndi mnzake.

Ntchitoyo inatha ndalama za kafukufuku zitatha. Patapita nthawi adokotala ananditumizira nkhani yomwe anasindikiza m'magazini ya anthu ophunzira. Chingerezi chake chinali cholimba, moti ndinawerenga ndi dikishonale pambali. Pakati pake ndinapeza dzina la Nadia, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva zimene ananena tsiku lija ine ndili kukhitchini. Ndinaziwerenga ndili chiimire. Sindizibwereza pano, chifukwa ndinaphunzitsidwa kusunga.

Panopa ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Normanton. Ndikamasambitsa agogo ena, nthawi zina achibale amagogoda, ena aukali, ena aimvi kuposa bambo uja. Ndinkaganiza kuti ulemu ndi kutsegulira aliyense wamkulu kwa ine. Tsopano ndimatuluka, kutseka chitseko ndi msana, nkunena kuti simungalowe. Kenaka ndimapita kukawatengera mpando.