Chigoba cha pakhoma ku Kilimani

Pabalaza pathu ku Kilimani, kunja kuno komwe timakhala, ndinapachikapo chigoba chamtengo chakuda bii. Ndinachigula pakamudzi kena ka m'mapiri ku Italy, komwe ndinapita ndi mwana wanga wamkazi kukaona matchalitchi akalekale ndi zojambula za m'makoma mwake. Tinapeza eni mudzi ali pachikondwerero chawo. Amuna anali atavala zigoba ndi zikopa za nkhosa, mabelu akulira kumsana, ansembe akuwaombera m'manja. Mwana wanga anavina nawo mpaka thukuta kamukamu.

Chaka chatha achemwali anga anabwera kudzacheza kuchokera ku Dedza. Atangolowa pabalaza anatembenuza nkhope, n'kumasula chitenje, n'kuphimba chigoba chija.

"Achimwene, mwayamba liti kupachika zilombo pakhoma?" anandifunsa.

Mwana uja anaseka. "Anti, zilombo n'chiyani?"

Achemwali anangondiyang'ana ine. Ndinakulira pafupi ndi dambwe, ng'oma za gule wamkulu ndizo zinkandigonetsa tulo. Koma mwanayu ndinachita kumukweza ndege kuti akaone gule wa eni ake, wa kwawo asanamuonepo n'kamodzi komwe.

Achemwali anabwerera kumudzi. Chitenje chawo chikadali pomwepo.