Baba Anselme Combary, Amene Sankamwa Tiyi wa ku Mgodi

Tsiku limene malole a ku mgodi anakhuthula miyala yotuwa kuseri kwa tchalitchi chathu cha Tinadar, Baba Anselme Combary anaimirira misa itatha n'kunena kuti: "Abale anga, miyala iyi musaitenge. Musathire m'maziko a nyumba, musathire pabwalo. Ndaiyeza, ndipo sindinakondwe nayo."

Ine ndinali mtsikana wa kusekondale, ndinkaimba kwaya, ndipo ndikukumbukira kuti anthu anaseka. Wina kumbuyo anati, "Baba, inu nyumba ya simenti muli nayo kale. Ife tizigona pamchenga mpaka liti?" Mnzake anawonjezera kuti, "Kamakina kanu koyezera kaja kamalira ngakhale pamphika wa nyemba." Akuluakulu a parishi anatseka nkhani ponena zimene tonse tinakulira, kuti mphatso sikanidwa, ndipo kubweza miyalayo kukanakhala kuchititsa manyazi eni mgodi amene anaipereka ndi mtima wabwino. Mlungu usanathe mulu wonse unali utatha pangolo za abulu. Mmodzi mwa anyamata amene anatuta kwambiri anali Firmin, amene lero ndi mwamuna wanga. Nyumba yathu yakhala pamiyala imeneyo, ndipo mwana wathu Blandine wayamba kumene kukwawa.

Bambo mfumu Cyprien andipempha kuti ndilembe za moyo wa Baba m'kanyuzipepala ka parishi, poti ndinkawayendera pamatenda awo. Ndiyesetsa kulemba mwadongosolo, ngakhale mtima wanga suli m'malo.

Baba Anselme anabadwira kummwera, m'mudzi wina pafupi ndi Makalondi. Ali mwana ankaweta mbuzi za amalume awo. Kwawo kunalibe Mkhristu, koma ankakonda kukhala pawindo la kasukulu ka mishoni kumvetsera anzawo akuwerenga, mbuzi zikudya mchewere wa eni. Ankati anakwapulidwa kambiri chifukwa cha windo limenelo. Sisitere wina ataona kuti mwana wa panjayo amayankha masamu msanga kuposa a m'kati, anamulowetsa. Anabatizidwa ali wamkulu ndithu, ndipo bambo awo sanawalankhule kwa nthawi yaitali. Iwo sanasiye kupita kukawalimira.

Atamaliza sukulu ya zaumisiri ku Niamey anakwera lole yobwera kuno kuchipululu, nthawi imene tauni yathu inali misasa chabe. Ntchito yawo yoyamba inali yotsuka mabotolo m'chipinda choyezera miyala ya yuraniyamu. Kenako anawapatsa ntchito yotolera timabaji timene anthu a pansi pa mgodi amavala pachifuwa, tosonyeza kuchuluka kwa cheza choopsa chosaoneka cha m'miyalayo chimene munthu walandira m'thupi. Eni mgodi anawatumiza kunja kwa dziko kukaphunzira zambiri. Atabwerera, mukawafunsa za kumeneko, ankangonena ziwiri: kuzizira, ndi tchalitchi chachikulu chimene anapezamo nkhalamba zochepa zokha. Patapita zaka anachoka ku mgodi n'kulowa mu ofesi yoyang'anira chitetezo cha anthu ku cheza, imene imayenera kuona ngati mgodiwo ukusunga malamulo.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene tonse timachidziwa koma sitichinena mokweza. Oyang'anira onse amene ine ndawaona anayambira ku mgodi. Kulibe kwina kumene munthu angaphunzire ntchito imeneyi. Wina anali mkulu wa chipinda choyezera, wina anali dokotala wa antchito, wina ankaphulitsa miyala. Ena akatopa ndi kuyang'anira amabwerera komweko. Baba sankabisa zimenezi. Ankati, "Amene anandiphunzitsa kugwira makina ndi omwewo ndimakawayeza. Ndiye inenso muzindiyang'anitsitsa."

N'chifukwa chake ankachita zinthu zimene ambiri ankaziona ngati mwano. Kuno munthu akakuthirira tiyi umakhala pansi mpaka tambula yachitatu, kaya uli pachangu chotani. Baba akapita ku mgodi pantchito sankamwa ngakhale yoyamba. Galimoto ya mgodi sankakwera. Ankapita pakanjinga kawo kamoto kolira ngati kakutsokomola, fumbi lili mbuu m'ndevu. Anzawo akale ankawanyogodola kuti, "Anselme, tiyi wathu wakhala wowawa liti? Si womwe uja unakulira?" Iwo ankayankha akumwetulira kuti, "Ndi wokoma kwambiri, ndilo vuto lake. Ndikamwa, dzanja langa lifewa. Bwerani kwathu Lamlungu, ndikuthirireni ine." Ena ankabweradi.

Chinanso, ovololo yawo ankachapa okha, kutali ndi pophikira, ndipo mwana sankaloledwa kuwakumbatira asanasambe. Amuna anzawo ankati akazi awo, Mayi Honorine, anawadyetsa mankhwala. Mayiwo akamva ankati, "Akanakhala mankhwala bwenzi akutsukanso mbale."

Pa parishi, Baba ankafika woyamba kudzasesa mchenga umene mphepo imalowetsa pansi pa chitseko. Ndi iwo ankapititsa Ukaristia kwa odwala. Amuna ambiri amene anawatolera timabaji ali anyamata anadzawakhazikanso pamtsamiro akutsokomola, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo anansi athu Achisilamu ankawatumira uthenga kukagwa zovuta ngati kwa mbale wawo. Mwana wawo wachisamba anamwalira ndi malungo ali ku ulendo wa ntchito, ndipo anapeza atayikidwa kale. Lamlungu lotsatira anawerenga mawu a Mulungu mwa nthawi zonse, kungoti anaima pang'ono pakati.

Nkhani ya miyala ija itachitika, anawachotsa pantchito yoyendera n'kuwaika kosungira zipangizo. Palibe anatiuza chifukwa. Ena ankati alangidwa. Ena ankati awagula, n'chifukwa chake sanaimirirenso m'tchalitchi. Chimene ine ndinachiona ndi maso anga n'chakuti ankayenda khomo ndi khomo, akapeza mayi akusinja mchewere pansi ankamupempha kuti ayale chikopa kapena mkeka, ndipo ankauza anthu kuti azitsegula mawindo ngakhale kukhale fumbi. Ankawayankha kuti inde Baba, iwo akangokhota n'kutsekanso. Anapuma pantchito mwakachetechete. Kamakina kaja anakabweza ku ofesi.

Chifuwa chinawayamba chaka chatha. Kuchipatala anati ndi fumbi ndi ukalamba. Mwina n'zoona. Ine sindinaphunzire za udokotala, koma ndinaona kuti namwino amene ananena zimenezo ankayang'ana khoma.

Ndinkapita masana ndi fura, phala lathu la mchewere ndi mkaka, Blandine ali kumbuyo. Tsiku lina ndinapeza atakhala pamthunzi, kolona ili m'manja, Mayi Honorine akuwakupiza.

"Wabwera mlonda wathu," anatero mayiwo. "Khala pansi, Perpetue, usayambe wasuzumira mumtsuko ngati muli chinkhanira."

"Musiye," anatero Baba. "Akanakhala mwamuna ndikanamulemba ntchito."

Ndinamasula mwana n'kumukhazika pamiyendo. Funso limene ndinali nalo kuyambira ndili ndi pakati linangotuluka lokha.

"Baba, nyumba yathu ija, mwanayu angakwawemo?"

Baba anaika kolona pamwendo.

"Mwana wanga, nyumba yako sindinaiyeze. Ndinayeza mulu uja usanamwazike, ndipo makina analankhula kwambiri. Mkulu wathu anabwera ndi makina ena, iwo analankhula pang'ono. Anati anga asokonekera ndi kutentha."

"Ananama?"

"Sindinganene choncho pamaso pa Mulungu. Makina amasokonekeradi. Munthu uja ndinagwira naye ntchito pansi pa mgodi, anandinyamulapo nditakomoka. Sindikudziwa, Perpetue. Zaka zonsezi ndapempha kuti tikayezenso, ndipo sindikudziwabe."

"Nanga akanakhala mdzukulu wanu?"

"Iwe, usawatopetse," anatero Mayi Honorine, koma anasiya kukupiza.

Baba anatambasula chala, Blandine n'kuchigwira. "Akanakhala mdzukulu wanga, sindikanadikira kuti akuluakulu agwirizane. Iwo ali ndi zaka zokanganira. Uyu mafupa ake akukula lero."

Zimenezi ndinamuuza Firmin madzulo ake. Iye amayendetsa lole ku mgodi komweko, ndipo anandipempha kuti ndisazibwereze kwa munthu.

Baba anamwalira Lachiwiri masana, belu la pemphero la Mngelo wa Ambuye likulira. Bambo Cyprien anali atawadzoza m'mawa. Baba anapempha kuti awatulutse panja, anapempha madzi, anathokoza Mayi Honorine chifukwa cha zaka zonse, mayiwo n'kuwauza kuti asiye kulankhula ngati mlendo amene akutsanzika. Tinayamba kolona. Pakati pake ndinaona kuti milomo yawo yaleka kuyenda. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wafika kunyumba, wasamba, tsopano ana angamukumbatire.

Maliro anali dzulo, ndipo anthu anadzaza mpaka kumsewu. Kunabweranso mkulu watsopano wa ofesi yoyang'anira, Mayi Balkissa Tahirou. Ndi mayi wophunzira kwambiri, wodzichepetsa, ndipo analira misozi yeniyeni. Ananena kuti Baba ndi amene anawaphunzitsa kugwira makina koyamba, iwo ali mtsikana wongoyamba ntchito ku mgodi, kumene anadzakhala mkulu wa zachitetezo asanalowe mu ofesiyi. Ndinaona kuti anatsika m'galimoto yoyera ya mgodi. Mwina yawo inawonongeka, msewu wathu timaudziwa.

Anthu akubalalika ndinalimba mtima n'kuwayandikira, ndikuwatchula mwaulemu wa Chisilamu.

"Hajiya, pepani. Nyumba za kuseri kwa tchalitchi zija mudzaziyeza?"

"Tidzaziyeza zonse, mchemwali wanga. Nkhaniyo ndikuidziwa, Baba anandiuza kangapo. Tikungodikira makina athu, anapita kokawongoledwa."

"Kuti?"

"Ku mgodi. Amisiri ake ali kumeneko kokha." Anagwira tsaya la Blandine. "Wanenepa bwino. Usade nkhawa."

Sindikunena kuti mayiwa ndi oipa. Mwina ndi olungama ngati Baba. Koma makina akabwera kumeneko n'kunena kuti nyumba yanga ili bwino, ine ndidzagona tulo? Ndipo akanena kuti siili bwino, miyezi imene mwana wakwawapo adzandibwezera ndani?

Bambo mfumu anati nditsirize ndi chitsanzo chimene Baba atisiyira. Ena adzanena za kusesa kwawo, ena za odwala amene anawayendera, ndipo zonsezo n'zoona. Ine chimene ndatenga n'chakuti munthu ameneyu sananenepo chimene sankachidziwa, ngakhale pofuna kutonthoza mayi wamantha, ngakhale pofuna kudziyeretsa yekha. Ambuye awalandire mu mpumulo wosatha, ndipo atonthoze Mayi Honorine.

Lero madzulo, dzuwa lisanalowe, ndimapeta mchewere pakhomo. Nditacheuka ndinapeza Blandine wachoka pamkeka, wafika pakona pamene simenti inasweka, akukanda ndi tizala, kukamwa kuli kotuwa. Ndinamutsuka mpaka analira. Firmin anatipeza tili choncho.

"Mwana aliyense amadya dothi," anatero. "Ine ndinadya, si ndili pano?"

"Munadya la kwanu ku Dosso, kummwera kopanda mgodi, bambo a Blandine."

"Ndiye ukufuna nditani? Ndigumule nyumba? Ndisiye ntchito chifukwa cha mawu a munthu amene ananena yekha kuti sakudziwa?"

"Ntchito musasiye. Ine ndi mwana tikakhale kwa amayi anu mpaka adzayeze."

"Anthu adzati ndakuthamangitsa. Ku ntchito adzafunsa chimene mkazi wanga akuthawa."

"Muziti ndapita kukaonetsa mwana kwa agogo ake. Si bodza."

Anakhala pachitseko n'kuvula nsapato, akuyang'ana pakona paja. Miyala imeneyo anaisenza yekha, mapewa mpaka kusupuka, kuti adzapeze pomuika mkazi. Ndinamumvera chisoni, koma mwana sindinamutsitse.

"Basi ya kummwera inyamuka mawa kusanache," anatero potsiriza, osandiyang'ana. "Udikire ya mlungu wamawa, tikonzeke bwino."

Ndinamuuza kuti ya mlungu wamawa sindiidikira. Zovala za mwana ndamanga kale munsalu, ndipo mpaka nthawi yonyamuka agona pachifuwa panga.