Timakapu ta Mgonero ndi matiresi a m'chigafa

Ntchito yanga kutchalitchi inali timakapu ta Mgonero. Kuimba ayi, mawu angawa amabalalitsa nkhuku. Kuwerenga ayi, sukulu ndinkangoilambalala popita kumjigo. Koma timakapu tagalasi tija, kutitsuka, kutipukuta, kutinyamula kuchokera kutchalitchi chachikulu kwa Mwase kukafika nato kumudzi kulikonse kumene kwagwera Mgonero, ameneyo ndinali ine. Musaipeputse ntchitoyi. Wonyamula timakapu amakhala kutsogolo, amadya ndi abusa, ndipo m'mbale mwake mumagwa ntchafu, osati zipalapasiro.

Ndinkatinyamula m'dengu, pansi udzu, pamwamba chitenje. Tsiku lina wakabaza wanga analowa mumchenga wa padambo. Njinga uko, dengu uko, ine gada, miyendo kuloza kumwamba. Ndinangomva phwaa! Timakapu tingapo tinatsogola kwa Atate.

Lamulungu lotsatira a mkulu wa mpingo, bambo wamtali wolankhulira m'mphuno, anandiitanira kuseri.

"Mayi, ziwiya za Ambuye si mabotolo a kachasu. Kakangoswekanso kamodzi, ntchitoyi tipatsa ena."

Enawo ndinkawadziwa. Akazi awo. Anali atasoketsa kale bulauzi yatsopano.

Mwayi wake, mkamwini wanga amagwira ntchito ku Lifupa, amaonetsa alendo njovu. Atamva za tsoka langa anabwera ndi chibokosi chakuda chapulasitiki yolimba, zotsekera zake zolira kha! kha!, chimene mzungu wina anasiya, ankasungiramo makamera. Poti mkamwini sayang'anana ndi apongozi, ananjuta kuseri kwa nkhokwe n'kumalankhula ndi nkhokweyo.

"Apongozi, ichi ngakhale njovu itapondapo sichiphwanyika."

Ine ndikuyankha mtengo wamango: "Zikomo apongozi. Nanga timakapu sitikamenyana tokhatokha m'katimo?"

"Pamafunika siponji, apongozi. Yake inafumbutuka. Mupeze ina, muibooleboole, kakapu kalikonse kakhale ndi kanyumba kake."

Siponji ndikaitenga kuti? Matiresi anga ayi, msana uno wabereka anthu ambiri. Koma madala anga anali ndi matiresi awo m'chigafa, momwe timayanikamo fodya. Fodya akayamba kuuma iwo amasamukira momwemo kulondera akuba, ngakhale mkonono wawo ndi umene umauza akubawo kuti bwerani, mlonda wapita. Matiresiwo akhala m'menemo zaka ndi zaka, pansi pa masamba.

Ndinadikira tsiku limene madala anapita ku boma. Matiresi aja ndinawakokera panja, kusanjikapo chibokosi, kuzunguliza ndi khala, kunola mpeni pamwala. Amayi inu, siponji si nyama. Ukaikanikiza imaphwa ngati yafa, ukaisiya imadzuka n'kumakuyang'ana. Imafuna kuicheka pang'onopang'ono, kupita ndi kubwera, osaipanikiza, ngati ukunyengerera mwana kumwa mankhwala. Ndinadula chakumapazi chibenthu chonenepa cha pansi, kenako china chopyapyala cha kuchivundikiro.

Tsopano timanyumba. Ndinkapaka mwaye wa pamphika pamlomo pa kakapu, kukadinda pasiponji, n'kutsala kamkombero kakuda. Pakati pa kena ndi kanzake ndinkasiya mpata wa chala. Bowo loyamba ndinayesa ndi lezala, linatuluka ngati podya khoswe. Ndiye ndinatenga kachitini ka tomato wa m'sitolo, kukaotcha pamakala, kukapana ndi timitengo tiwiri, n'kukakhazika pamkombero paja. Tswiii! Bowo losalala ngati chisa cha mbalame. Utsi wake wokha, ngakhale galu anasamuka. Poyamba ndinkazamitsa kwambiri, kakapu n'kumira osaoneka, kukatulutsa mpaka kukolowola ndi supuni. M'mabowo amenewo ndinabwezeramo tizidutswa pansi, kuti milomo ya timakapu izisuzumira.

Madala atabwera analowa m'chigafa, n'kutulukamo msangamsanga.

"Amake mwana! Matiresi anga wadya ndani?"

"Ambuye awafuna."

"Ambuye ake ati odula matiresi a munthu chakumapazi?"

"Mapazi anu aming'aluwo amadziwa kusiyanitsa siponji ndi dothi? Pindani miyendo, bambo, mwathandiza mpingo."

Timakapu ndinatitsuka, kutilowetsa m'timanyumba tawo, kha! kha!, n'kutisiya momwemo mpaka tsiku la Mgonero.

Tsikulo wakabaza anayamba kuzemba maenje mwamantha. Ndinamumenya pamsana. "Palasa, mwanawe! Lowa m'dzenjemo!" Titafika ndinatsegula pamaso pa onse. Tonse tamoyo. A mkulu wa mpingo ankatola kamodzikamodzi kukaunika kudzuwa, kufuna mng'alu. Akazi awo anangotsonya.

Abusa athu anali atsopano, ochokera ku Lilongwe, onunkhira sopo wa m'botolo. Tinathira vinyo, anapemphera bwinobwino, anakweza kakapu kawo, anamwa. Nkhope inasintha. Maso anadzaza misozi. Ine n'kumati, koma abusa awa Mzimu umawafika msanga.

"Eeetsi!"

Agogo ena kumbuyo anati, "Ameni."

"Eeetsi! Eeetsi!"

Mapemphero atatha abusa anatiitanira m'kachipinda, ine ndi a mkulu, akazi awonso n'kulowa nawo osaitanidwa.

"Ndani amasutira fodya m'ziwiya zopatulika?"

Tinayang'anana. A mkulu anatola kakapu, kununkhiza. "Abusa, ine ndikungomva galasi." Akazi awo ananunkhiza mpaka mphuno kulowa yonse, kufunitsitsa kuti apezemo mlandu. Palibe. Inenso ndinanunkhiza, ndikulumbira, palibe. Tikanamva bwanji? Nyengo imeneyo kwathu kuno chilichonse ndi fodya: zovala, tsitsi, makanda, mabuku a nyimbo. Mphuno zathu zinasiya kalekale kumuwerengera.

Abusa anaweramira m'chibokosi, n'kudzuka akupukuta maso. "Siponji iyi yachokera kuti?"

"M'chigafa, abusa. Ndi matiresi a kwathu."

"Munthu ankagonapo?"

"Mapazi okha."

A mkulu anaona kuti mpata ndi uno. Anakonza tayi. "Mwaonatu abusa, n'chifukwa chake ndimati ntchitoyi..."

"A mkulu, imani pomwepo. Munati kakasweka. Kasweka ndi kati? Ndilozereni."

"Komabe mayi," anatero abusa, "fodya m'nyumba ya Mulungu?"

"Abusa, kwezani maso. Malata awa ndi fodya. Mabenchi ndi fodya. Njinga yamoto mwabwera nayoyi ndi fodya wa anthu omwewa. Mukamutulutsa m'nyumba muno, tikapempherera pansi pa mtengo, inu mutavala kabudula."

A mkulu sanatsutse, poti malata ambiri anapereka ndi iwo, ndipo amakonda kuti zizikumbukika. Anayamba kuyang'ana kudenga monyadira. Akazi awo anawatsina, koma mochedwa.

Mapewa a abusa anayamba kugwedezeka. Kaya kunali kuseka kaya kuyetsemula kwina, sindinafunse.

"Chabwino mayi. Ntchito ndi yanu, chibokosi ndi chanu. Koma kakapu kanga kokha kaziyenda padera."

Sananene kuti padera pake pati. Kuyambira pamenepo ndimakakulunga m'kampango koyera n'kukaika pamene ife amayi timasunga zinthu zosafunika kutayika, m'kamisolo, mbali ya kumanzere. Kamafika kathunthu, kofundirako pang'ono. Tsiku lina abusa anakagwira, n'kunena kuti, "Mayi, kakapu aka kamakhala kotentha bwanji?"

Ndinati, "Ndi chikondi cha mpingo, abusa. Imwani."