Mkuyu wa Kuseri kwa Kapata

Kuseri kwa Kapata kunali kamtsinje kamene tinkawoloka osakwinya nsalu. Madzi ake anali ozizira, onunkhira masamba owola. Kenaka tauni ya Fort Jameson, Chipata wa lero, inayamba kukula. Anthu anagwetsa mitengo ya m'phiri yowotchera njerwa, nakumba ngalande za misewu zolozetsa kwathu. Mvula ikagwa madzi ankabwera ofiira, akulindima, mpaka kamtsinje kaja kanasanduka chigwembe.

Chigwembecho chinkadya gombe kulunjika pa mkuyu wina waung'ono. Pansi pake panagona mlongo wanga, amene anabadwa wakufa. Mwana wotere ankaikidwa ndi akazi okhaokha, pafupi ndi madzi, m'dzenje losazama, ndipo mwamuna sankauzidwa malo. Ine Tisa, mwana wawo wamkazi, amayi anandinong'oneza malowo poti ankafuna mutu wosenza miyala yotchingira madzi.

Ndinasenzadi, ndikung'ung'udza njira yonse. Amayi anakhoma zichiri m'chigwembemo, naluka nsungwi ngati akumanga nkhokwe. Atate, amene ntchito yawo inali youmba njerwa zomwezo, ankangoseka.

"Amake Tisa, madzi saiwala khwawa. Mufuna kuwamangira khola?"

Mvula yoyamba inakokolola zonse, mizu ya mkuyu n'kutsala pamtunda. Atate anabwera kudzaona, nthabwala ili kale pakamwa. Anapeza amayi atagwada m'matope, akukwirira mizuyo ndi manja. Atate anayang'ana pansi pa mkuyupo, nafunsa:

"Ndi pano?"

"Amuna safunsa zimenezo," anatero amayi osatukula mutu.

M'mawa mwake ngolo inafika itadzaza zidutswa za njerwa. Atate sanamange khoma limodzi lalitali ayi. Anayala timipanda tatifupi totsatizana, kuti madzi azitsika pang'onopang'ono, akusiya dothi m'mbuyo. Ife tinabzala bango ndi nsenjere m'mbali. Amene ankatiseka pochapa anabwera okha ndi makasu ataona dothi likubwerera. Patapita madzinja angapo achule anayambanso kulira, ndipo ine ndinkayenda monyada ngati mtsinjewo ndinaulenga ndekha.

Lero nyumba zafika mpaka m'gombe, madzi akuyenda ndi mapepala apulasitiki, ndipo zimandiwawa. Koma ndikamva wina akuti mtsinje wowonongeka sungachire, ndimamutsutsa, chifukwa ndinauona ukuchira. Mkuyu uja ulipobe, ana amaseweramo osadziwa kanthu. Atate anamwalira osauzidwa chilichonse, koma podutsa pamenepo ankavula chipewa.