Mipando ya Buluu ya Ba Dainess

Mukafika ku Chalimbana mufunse kwa Ba Dainess openta mipando, ngakhale mbuzi ikulozerani. Mayi amenewa, amuna awo atamwalira, achibale a malemuwo anasesa m'nyumba monse psiti, n'kusiya kampando kamodzi kothyoka mwendo. Kulira analira ndithu, kenako anakabwereka hamala. Kampando kaja kanaima, ntchito n'kuyambira pomwepo.

Mpaka lero amazungulira m'mapuloti a anthu ogwira ntchito ku Lusaka, kutola zimene mabwanawo atopa nazo. Amapala ndi sandipepa, ming'alu n'kumata ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, kenako penti. Chinkawawawa n'chakuti zokongola zonse zinkapita kwa ogula. Iwo alendo akabwera, liwiro kukabwereka mabenchi kutchalitchi.

Ndiye Chipego, mwana wawo mmodzi yekhayo, anapeza mnyamata. Ba Dainess analumbira kuti odzafunsira ukwati adzakhala pa mipando yawoyawo. Anatola mipando yakutha kwa mphunzitsi wina wosamuka, n'kuikonza bwinobwino. Penti wa buluu anali wotsalira m'chitini, ndiye kuti akwane anamuthira palafini, muja achitira aliyense. Koma abale, mu Januwale dzuwa ulipeza kuti? M'mawa wa tsiku lofunsira ukwatilo anakhudza ndi chala nati wauma. Anauma pamwamba pokha.

Ankhoswe a mnyamatayo, Ba Norbert, anafika ndi gulu lawo atatchena suti yotuwa, onse nakhala mwaulemu pa mipando ija. Nkhani inkayenda bwino. Itakwana nthawi yoti agwade n'kupereka mbale zofunsira mbeta, mpando unanyamuka nawo. Ataumatula, msana wonse mizeremizere ya buluu.

Ba Dainess anagwidwa ndi manyazi osaneneka. Ukwati wa mwana uthere pa chitini cha penti?

"Ba Norbert, munikhululukire," anatero atagwada. "Nine ninapenta. Ninafuna chabe mukhale pa mipando yanga, osati yobwereka."

Ba Norbert anapotoloza khosi kudziyang'ana kumbuyo, n'kufa nacho chiseko.

"Amai, nyamukani! Nayenda manyumba ambiri pa unkhoswe, koma kulibe kumene ananigwira so. Ise sitichoka pano mpaka mutipase mwana."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ba Dainess anaseka misozi ili chuchuchu, mtima uli mbee, n'kuchenjeza alendo enawo kuti asayese n'komwe kuimirira nkhani isanathe.