Mabotolo a Makutu M'dimba la Amayi

Matumba asanu a zinyalala amene anakhuthulidwa pamaso pa alendo kukoleji kuja, ndinawakhuthula ndine. Musavutike kufufuza.

Ntchitoyo ndinaipeza nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndili pakhomo ku Chinsapo kusowetsa anthu mtendere. Achimwene Wongani, amene timapemphera nawo mpingo umodzi, amaphunzira pakoleji ina muno mu Lilongwe ndipo anali wapampando wa kalabu ya zachilengedwe. Anauza Amayi kuti, "Mutipatse Yamikani, manja akewa agwireko zanzeru." Anandipatsa magolovesi, burashi ndi tisheti yobiriwira yolembedwa kumsana kuti TIBWEZERETSE CHILENGEDWE.

Tinadula migolo pamwamba n'kuipenta. Wobiriwira unali wa zotsala zakudya, wabuluu wa mapulasitiki, wachikasu wa mapepala. Ine ndinkaima pafupi ndi kantini kukalipira anthu a madigiri akaponya chikonyo mumgolo wolakwika, ndipo zinkandikoma zedi. Masana ndinkachotsa zitsekerero, kuponda mabotolo kuti aphwatalale, kuwathira m'matumba n'kuyeza pasikelo yokoloweka. Lachinayi lililonse kunkabwera lole. Achimwene ankati mabotolowo amapita kufakitale ku Kanengo kukasanduka mabeseni. Ndinawakhulupirira mpaka ndinakangana ndi anzanga kudamu pankhaniyi.

Penti wofiira atatsala, ndinayamba kujambula nkhope ya Achimwene pamabotolo, makutu aakulu ngati mbale. Sindinkafuna china chilichonse, ndinkangodzisangalatsa.

Amayi ali ndi dimba kudambo, la mpiru ndi tomato, ndipo n'lomwe limatidyetsa. Kwa milungu ingapo ankadandaula kuti wina akutaya zinyalala kumtunda, madzi a pachitsime ayamba kununkha ndipo mpiru ukupsa m'mphepete. Loweruka lina ananditenga kukathandiza kuchotsa zomwe zinatseka ngalande. Nditakokera ndi khasu, kunatuluka botolo lophwatalala likundiyang'ana. Makutu aja. Kenako lina, kenako mulu wonse, wosakanikirana ndi mapepala ndi mpunga wowola, zonse zimene ine ndinasankha ndi manja anga.

Lolemba ndinapita nalo botolo kwa Achimwene. Ndinkaganiza kuti adabwa. Iwo anangoyang'ana uku ndi uku.

"Aise, tsitsa mawu. Fakitale inasiya kale kulandira. Dalaivala amangoona potaya."

"Potayapo ndi padimba la Amayi."

"Lachisanu kukubwera alendo otithandiza. Zikatha zimenezo tikambirana."

Achimwene omwewa anadyapo mpiru wa m'dimba lomwelo kwathu, n'kupemphanso wina wonyamula.

Lachisanu m'mawa ndinabwereka njinga ya kabaza, n'kututa zinyalala za kudimba zija m'matumba, maulendo awiri. Alonda a pageti sanandifunse kanthu poona tisheti. Matumbawo ndinawaika kuseri kwa tenti. Achimwene ataima pamaikolofoni n'kunena kuti palibe botolo ngakhale limodzi lochoka pakoleji pano limene limathera m'dambo, ndinalowa ndi wilibala n'kukhuthula patsogolo pa tebulo la maluwa. Fungo linafika kaye kwa mayi wina wa magalasi, mlendo wamkulu. Iwo anatola botolo limodzi ndi zala ziwiri, kuyang'ana makutu, kuyang'ana Achimwene.

"Izi n'chiyani, mwana iwe?" anandifunsa.

Ndinatembenuka kuwaonetsa kumsana. "Mwalemba nokha kuti tibwezeretse, mayi. Ndabwezeretsa."

Ophunzira ena anaseka mpaka kugwira mipando. Koma chimene sindinachiyembekeze n'chimene Achimwene ananena, maikolofoni ili chiyakire: "Mnyamata ameneyu sitikumudziwa. Tishetiyo mwina waba."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa khofi limene mlonda anandimenya. Munthu amene anakhala pampando wathu n'kulonjeza Amayi kuti andiyang'anira.

Chilango chinali chakuti ndiwole zonse ndekha, opanda magolovesi, anthu akuonera, kenako ndisadzapondenso pageti. Ndinawola ndikuimba mluzu, n'kusankha bwinobwino, chilichonse mumgolo wake, chifukwa ntchito ndimaidziwa. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mtundu wa mgolo ulibe kanthu, uziona kumene lole ikulowera.

Tisheti anandivula pomwepo, mlonda n'kuiponya mumgolo wabuluu. Sindinadandaule. Lachinayi lotsatira ndinapita kudimba kukaidikira, ndipo lole inafika nayo cha m'ma 3 koloko. Ndinaichapa, ndipo ndi imene ndavala pano.