Ine Ndinangogwira Chikwama

Ndinaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, ndipo sindilola cholakwa kudutsa osachikonza. Pali chimodzi chokha chimene ndachilekerera.

Tsiku lina la msika pa Kamwendo, bambo wina wa kabaza, a Zulu, anagwa pafupi ndi siteji. Anzawo anati anameza mapiritsi ambiri amphamvu opha ululu, ogula kumalire. Milomo inali itada, kupuma kuli kwa apo ndi apo. Namwino wina amene ankadikira minibasi anatulutsa m'chikwama mwake jakisoni wothetsa mphamvu ya mankhwalawo.

"Bambo inu, gwirani mkonowu!" anandiuza namwinoyo.

Ine, mu jekete ndi tayi, ndinafunsa mwaulemu wonse: "Pepani mayi, kodi munthuyu akatisiya tili chimugwirire, lamulo lititeteza, kapena tikagona kupolisi?"

"Basi, gwirani chikwamachi."

Mayi wogulitsa tomato anandikankha. "Tapatukani, bambo a malamulo!" Anagwada m'fumbi nagwira mkonowo, namwino n'kubaya jakisoni uja.

A Zulu atatsegula maso, anaona munthu wa tayi ataima chilili ndi chikwama cha mankhwala.

"Zikomo, adokotala," anatero.

Namwino anali kalikiliki kufuna galimoto yopita kuchipatala, ndipo mayi wa tomato uja anali atabwerera pa benchi lake. Ine ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga amachitira madokotala.

Mpaka lero a Zulu akandiona amatsika panjinga n'kuuza wokwera kuti ali moyo chifukwa cha ine. Sindinawakonze. Koma tomato ndimakagula ku boma.